Khansa ya m'mapapo: masiku 20 a pakhomo pakati pa dripi ndi dripi

Munthu amene wayamba kulandira mankhwala a khansa ya m'mapapo amakhala m'manja mwa madokotala ndi anamwino kwa maola owerengeka chabe. Amafika kuchipatala m'mawa, amamuyeza magazi, amamuika dripi, ndipo dzuwa likamapendeka amakhala ali kale pa depoti kudikira minibasi yobwerera kwawo. Kwa ambiri ulendo wotsatira umadza pakatha masabata atatu. Masiku 20 apakatiwo amathera pakhomo, ndipo m'masiku amenewo ndi momwe mankhwalawo amaonetsa mphamvu zake, zochiritsa ndi zozunza zomwe. Woona zonsezi amakhala mkazi, mwamuna, mwana kapena mlongo wa wodwalayo, amene kawirikawiri sadauzidwe bwino kuti mavuto ongofunika kupirira ndi ati, ndipo ofunika kuthamanga nawo kuchipatala usiku womwewo ndi ati. Kusiyanitsa ziwirizi ndilo luso lalikulu lofunika pakhomo pamene pali wodwala wotere.

Nthenda yobisala kuseri kwa TB

Malinga ndi bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe ndi nthambi ya World Health Organisation, anthu pafupifupi 2.5 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mapapo padziko lonse m'chaka cha 2022, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni adamwalira nayo. Palibe khansa ina yopha anthu ochuluka chotere. Gwero lake lalikulu ndi fodya, yemwe amakhudzidwa pa odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse. Komabe imagwiranso anthu amene sadayikepo ndudu pakamwa: okhala nyumba imodzi ndi wosuta, ophika m'khitchini yodzadza utsi kwa zaka zambiri, ndi amene adapuma fumbi la miyala m'migodi, monga amuna a kuno omwe adapita kumigodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Teba. Kachilombo ka HIV nako kamakulitsa chiopsezo.

M'dziko muno khansa zotchuka ndi ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya m'mawere ndi ya Kaposi sarcoma. Ya m'mapapo siimveka kwambiri, ndipo china chochititsa n'chakuti imafanana ndi chifuwa chachikulu cha TB: kutsokomola kosatha, magazi m'makhololo, kuonda, kubaya m'chifuwa. Si zachilendo munthu kumwa mankhwala a TB kwa miyezi ingapo, osasintha, asadatumizidwe kukajambulidwa ndi makina a CT scan ndi kudulidwa kanyama kokayeza. Pofika pamenepo nthendayi imakhala itakula, thupi litatha, ndipo ndalama za pabanja zitathera m'maulendo.

Ichi n'chifukwa chake funso loyamba limene banja liyenera kufunsa dokotala, ngakhale ndi lovuta kulitulutsa pakamwa, ndi lakuti: kodi mankhwalawa cholinga chake n'kuchiza nthendayi, kapena kuibweza ndi kuchepetsa mavuto ake? Zolinga zonse ziwirizi n'zaphindu. Koma banja lodziwa yankho limaganiza mosiyana pa nkhani yogulitsa munda, ng'ombe kapena njinga yamoto, ndipo wodwala wodziwa yankho amatha kusankha yekha mmene agwiritsire ntchito mphamvu zomwe ali nazo.

Chithandizo chake chili m'njira zingapo. Opaleshoni imatheka nthendayi ikapezeka msanga. Chemotherapy, yomwe ndi mankhwala a m'dripi, imaperekedwa m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Radiotherapy, njira yowotcha chotupa ndi cheza champhamvu, kwa zaka zambiri Amalawi ankakailandira kunja, ku India, Tanzania, Zambia kapena South Africa, mpaka pamene chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chidatsekulidwa mu 2024 ndi cha boma cha National Cancer Centre ku Lilongwe mu 2025. Palinso mapilitsi monga gefitinib, erlotinib ndi osimertinib, omwe amagwira ntchito pa odwala okhawo amene chotupa chawo chapezeka ndi kusintha kwina kwake kotchedwa EGFR.

Kalendala ya masiku 21

Chemotherapy ya khansa ya m'mapapo kawirikawiri imaphatikiza cisplatin kapena carboplatin ndi mankhwala ena monga paclitaxel, gemcitabine kapena etoposide. Imaperekedwa m'zigawo za masiku 21, ndipo zigawozo zimakhala zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi. Ena amalandira tsiku limodzi lokha pa chigawo, ena masiku atatu otsatizana, ena tsiku loyamba ndi lachisanu ndi chitatu. Ubwino wake n'ngwakuti mavuto ake amakhala ndi nthawi yake yobwerera, ndipo banja likaphunzira kayendedwe kake pa chigawo choyamba limatha kukonzekera zotsatirazo.

Masiku oyambirira ndi a nseru ndi kusanza. Ndi cisplatin, nseru yoopsa imatha kuyamba patapita tsiku lathunthu n'kupitirira mpaka masiku asanu, pamene aliyense akuganiza kuti zadutsa. Mankhwala oletsa kusanza, monga ondansetron, metoclopramide ndi dexamethasone, amagwira bwino akamwedwa pa nthawi yomwe dokotala walemba, osadikira kuti kusanza kuyambe. Dexamethasone amasowetsa tulo akamwedwa madzulo, ndipo amakweza shuga m'magazi, chinthu chimene odwala matenda a shuga ayenera kuchidziwiratu. Cisplatin amalemetsa impso, choncho madzi akumwa ayenera kukhala ambiri m'masiku amenewa. Munthu akasanza tsiku lonse osasunga ngakhale madzi, kapena mkodzo ukachepa kwambiri, afunika dripi ya madzi kuchipatala chapafupi.

Kuyambira tsiku la 7 kufika la 14 ndi pamene asilikali a m'thupi amatsika kwambiri, chifukwa mankhwalawa pokantha chotupa amakanthanso mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Chodabwitsa n'chakuti nseru imakhala itatha ndipo wodwala amaoneka ngati wapeza bwino, pomwe ndiye sabata yoopsa koposa. Sabata yachitatu thupi limabwerera m'chimake. Ngati pali ukwati, ulendo wa kumudzi kapena nkhani ya kubanki, nthawi yake ndi imeneyi.

Tsitsi, kwa amene akulandira paclitaxel kapena etoposide, limayamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo limameranso mankhwala akatha. Dzanzi la m'zala ndi m'mapazi ndiye losafunika kulibisa, pakuti likanyalanyazidwa limatha kukhalitsa, pomwe dokotala akauzidwa msanga amatha kuchepetsa mlingo. Munthu wadzanzi samva bwino kutentha, choncho asaphule mphika chimanjamanja kapena kuyenda wopanda nsapato pafupi ndi moto. Kulira kwa m'makutu kwa wolandira cisplatin nakonso n'kofunika kukanena.

Kakope ka sukulu kolembamo tsiku la dripi, dzina la mankhwala, zomwe zachitika tsiku lililonse ndi mafunso okafunsa, kamathandiza kwambiri pa mphindi zochepa zomwe dokotala amakhala ndi wodwala. Kazisungidwa limodzi ndi buku la kuchipatala.

Kutentha thupi si nkhani yodikira kuti kuche

Chizolowezi cha m'makomo ambiri n'chakuti thupi likatentha, munthu amamwa panado, amafunda bulangete, n'kunena kuti aona mawa. Ena amagula mankhwala a malungo ku golosale. Kwa munthu amene ali pa chemotherapy, chizolowezi chimenechi chimatha kupha. Asilikali a m'thupi akatsika, tizilombo tochepa tomwe thupi lathanzi likadagonjetsa mosavuta timalowa m'magazi n'kufalikira m'maola ochepa, ndipo zizindikiro zina zomwe zimaoneka mwa anthu ena, monga mafinya kapena kutupa, sizioneka chifukwa zimafuna asilikali omwewo kuti zioneke. Kutentha thupi kumakhala chenjezo lokhalo.

Lamulo lake n'losavuta. Kutentha kukafika madigiri 38, kapena wodwala akayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa, kubwebweta kapena kufooka mwadzidzidzi, apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya ndi Lamulungu. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kamapezeka m'ma pharmacy ndipo mtengo wake sufika pa wa ulendo umodzi wa galimoto yahayala. Panado asamwedwe munthu asadayezedwe, chifukwa amatsitsa kutenthako n'kubisa ngozi.

Pofika kuchipatala, ngakhale chaching'ono, mawu oyamba kwa wachipatala akhale akuti munthuyu ali pa chemotherapy ndipo dripi yomaliza adalandira tsiku lakuti. Mawu amenewa amasintha zonse: wodwala wotere sayenera kukhala pamzere, afunika kuyezedwa magazi ndi kuyamba mankhwala opha tizilombo mwamsanga. Malungo ayezedwe ndithu, pakuti m'dziko muno sangachotsedwe pa mndandanda, koma kupezeka kwa malungo sikutanthauza kuti palibe china, ndipo kusapezeka kwake si chifukwa chobwezera munthu kunyumba.

Kupewa kumayambira pa zinthu zodziwika kale: kugona m'neti usiku uliwonse, kumwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, kusamba m'manja ndi sopo, kupsetsa bwino nyama, nsomba ndi mazira, kusenda zipatso, ndi kupewa chakudya chogona kapena cha m'mbali mwa msewu. Ntchito yokolopa m'khola la nkhuku kapena kuzoletsa manyowa ipatsidwe wina. Chovuta kwambiri pa chikhalidwe chathu ndi alendo odzazonda matenda. Kubweza mlendo n'kosayenera, koma wachimfine kapena wachifuwa akhoza kulonjeredwa pakhonde, ndipo azimayi a mpingo obwera gulu akhoza kupemphedwa kuti adzafike sabata yachitatu. Ntchito yonena zimenezi ikhale ya wachibale wamkulu, kuti wodwala asaoneke ngati wonyada.

Phuma

Palibe chizindikiro choopsa wodwala ndi omuyang'anira kuposa kubanika. Phuma limabweretsa mantha, mantha amafulumizitsa kupuma, ndipo kupuma kofulumira ndi kosaya kumakulitsa phumalo. Njira zambiri zothandiza pakhomo cholinga chake n'kudula mkombero umenewu.

Kakhalidwe ka thupi n'koyamba. Wodwala akhale pampando, aweramire kutsogolo pang'ono, zigongono zili pamaondo kapena patebulo, mapewa atawagwetsa. Akokere mpweya m'mphuno, autulutse pang'onopang'ono pakamwa milomo ataisongola ngati akuziziritsa phala, ndipo kutulutsa kutenge nthawi yotalikirapo kuposa kukoka. Mtima umafuna kukoka mpweya wambiri, pomwe chimene chimapatsa mpumulo ndi kutulutsa wakalewo. Njirayi iphunziridwe pa nthawi yomwe munthu ali bwino, chifukwa pakati pa phuma palibe amene angaphunzire chatsopano.

Kamphepo kozizira kowomba kumaso, makamaka pamphuno ndi pakamwa, kamachepetsa kumva kubanika, ndipo zimenezi zidatsimikizidwa m'kafukufuku wa zachipatala. Kafani kam'manja kamathandiza, koma komwe kulibe magetsi, katoni kapena lichero lokupizira ndi zenera lotsekula zimagwira ntchito yomweyo. Usiku wodwala agone chotsamira, msana utakwezedwa ndi mapilo kapena mabulangete opinda. Anthu asamuunjirire. Munthu mmodzi wodekha, wolankhula motsitsa, amathandiza kuposa chipinda chodzadza achibale olira.

Mabanja ambiri amaganiza kuti yankho la phuma lililonse ndi oxygen. Zoona zake n'zakuti oxygen amathandiza amene mpweya wa m'magazi mwawo wayezedwa n'kupezeka wotsika. Kwa ena onse saposa kamphepo ka fani. Phuma lomwe likukula tsiku ndi tsiku lifunika kufufuzidwa gwero lake, pakuti zina mwa zoyambitsa zake zimachizika. Madzi amatha kudzadza m'chifuwa kuzungulira phapo, ndipo akapopedwa ndi singano kapena kapaipi munthu amapeza mpumulo tsiku lomwelo. Kuchepa kwa magazi nako kumabanikitsa ndipo kumafuna kuwonjezera magazi. Apa achibale athanzi ali ndi chochita chenicheni, chomwe ndi kukapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service.

Utsi wa nkhuni, makala, zinyalala zotentha ndi koyilo wothamangitsira udzudzu umaputa chifuwa. Kuphika kuzichitikira panja kapena kutali ndi chipinda cha wodwala, ndipo posesa ayambe awaza madzi.

Nsima ikakana kutsika

Kuonda ndi mdani wamkulu wa wodwala khansa ya m'mapapo, chifukwa thupi likatha kwambiri madokotala amakakamizika kuchepetsa kapena kuimitsa mankhwala. Koma njala imasowa, chakudya chimamveka ngati chitsulo m'kamwa, ndipo fungo la mafuta okazingira limadzutsa nseru. Mbale yodzadza nsima imangomugwetsa ulesi munthu wotere. Chothandiza ndi tizakudya tochepa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, tokhala ndi mphamvu zambiri m'kachulukidwe kochepa: phala la mgaiwa kapena Likuni Phala lotsira nsinjiro, mkaka, dzira kapena supuni ya mafuta, mapeyala, nthochi, mbatata yofutsa, chiponde, usipa wosinja wothira m'phala kapena m'ndiwo, msuzi wa nyemba. Chakudya chozizira pang'ono chimakhala ndi fungo lochepa kuposa chotentha. Ambiri amadya bwino m'mawa, choncho chakudya chachikulu chikhoza kusamutsidwira nthawi imeneyo.

Zilonda za m'kamwa zimachepa munthu akamachukucha kangapo pa tsiku ndi madzi owiritsa ofunda othira kamchere ndi kasoda kophikira therere. Zoyera zomata lilime ndi m'masaya zimafuna mankhwala a kuchipatala. Amene akulandira radiotherapy ya pachifuwa amamva kuwawa pomeza kuyambira sabata yachiwiri kapena yachitatu, chifukwa chezacho chimadutsa pa njira ya chakudya. Tsabola, mowa, zowawasa ndi zotentha kwambiri zimawonjezera ululuwo, ndipo umatha pakapita masabata angapo chithandizo chitatha.

Pali mphekesera yofala pa WhatsApp yakuti shuga amadyetsa khansa, ndipo ena amaletsa odwala nyama, mkaka ndi mafuta. Palibe umboni wakuti kusala zakudya kumafwetsa chotupa, pomwe umboni wakuti kuonda kumafooketsa wodwala ndi wochuluka. Mbali inayo, kukakamiza munthu kudya mpaka kukangana naye sikuthandizanso. Nthenda ikakula imasintha mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, ndipo kukana nsima sikutanthauza kuti wodwala wataya mtima kapena akunyoza wophika.

Morphine ndi mbiri yake yoipa

Mabanja ambiri akamva dzina la morphine amati basi, achipatala amutaya. Ena amabisa botolo, ena amapereka pokhapokha wodwala akafika pobuula. Maganizo amenewa amazunza anthu popanda chifukwa. Morphine wamadzi wakumwa, yemwe amapezeka m'zipatala za boma ndi za mishoni zomwe zili ndi gawo la chisamaliro chochepetsa ululu, amaperekedwa pa msinkhu uliwonse wa nthendayi ngati ululu wakula, ndipo pa mlingo wochepa amachepetsanso phuma ndi chifuwa chouma chosagonetsa. Akamwedwa motsata malangizo safupikitsa moyo. Mphamvu yake imatha pakapita maola anayi, n'chifukwa chake amamwedwa motsata wotchi, ululu usadabwerere. Masiku oyamba amagonetsa ndipo ena amamva nseru, koma zimenezi zimatha. Chosatha ndi kudzimbidwa, choncho womwa morphine aliyense afunika mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl, madzi okwanira ndi zipatso monga papaya. Botolo lisungidwe posafika ana, ndipo lisabwerekedwe kwa wina aliyense.

Chisamaliro chochepetsa ululu, chomwe achipatala amachitcha palliative care, nachonso chimaganiziridwa molakwika kuti ndi cha masiku otsiriza. Kafukufuku wina wotchuka adachitika pa odwala khansa ya m'mapapo enieniwo. Mu 2010 Jennifer Temel ndi anzake a pachipatala cha Massachusetts General ku Boston adafalitsa zotsatira za odwala 151 omwe khansa yawo idali itafalikira. Amene adayamba kuonana ndi gulu la chisamalirochi atangopezeka ndi nthendayi, uku akulandira mankhwala a khansa, adakhala ndi moyo wabwinopo, adavutika maganizo mochepa, ndipo pakatikati adakhala miyezi 11.6 poyerekeza ndi miyezi 8.9 ya anzawo. Kuno kwathu chisamalirochi chimapezeka m'malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth, Ndi Moyo ku Salima ndi m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti atumizidweko kuyambira pachiyambi.

Mankhwala ena, zitsamba ndi fodya

Dokotala wa khansa ayenera kuona mankhwala onse omwe wodwala akumwa, ndipo njira yabwino n'kuwatengera m'jumbo pa ulendo uliwonse. Ma ARV sasiyidwa, koma ena mwa iwo amalemetsa impso limodzi ndi cisplatin, choncho madokotala amafuna kudziwa kuti aziyeza impsozo kapena asinthe mankhwala. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amafooketsa kwambiri mapilitsi monga gefitinib ndi erlotinib. Brufen, diclofenac ndi aspirin, omwe anthu amagula mosavuta, amatha kuvulaza impso ndi kuyambitsa kutaya magazi pa nthawi yomwe magazi sakugwirana bwino.

Za zitsamba, odwala ambiri amamwa koma sanena poopa kukalipiridwa. Kubisako ndiye koopsa, pakuti chiwindi ndi impso zomwe zikulimbana kale ndi chemotherapy zimatha kulephera zikapatsidwa katundu wina wosadziwika mlingo wake. Ogulitsa mabotolo olonjeza kuchiza khansa amafika msanga pakhomo pomwe pali mantha, ndipo mtengo wa botolo limodzi nthawi zina umakwana maulendo angapo a kuchipatala.

Amene akusutabe, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe, amakonda kunena kuti madzi adatayika kale. Kafukufuku wa International Agency for Research on Cancer pa odwala 517 ku Moscow, yemwe adafalitsidwa mu 2021, adapeza kuti mwa odwala omwe khansa yawo idali isadafalikire, amene adasiya fodya atapezeka ndi nthendayi adakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 22 kuposa amene adapitiriza. Kusiya kumathandizanso mabala a opaleshoni kupola ndi kuchepetsa chibayo. Kudzudzula wodwala chifukwa cha zaka zomwe adasuta sikuchiza kanthu, ndipo kumangomuchititsa kuti azikasutira kuseri.

Pakhomo, pantchito ndi m'thumba

Khansa siipatsirana. Chifukwa chakuti wodwalayu amatsokomola, ndipo mwina adayamba wamwa mankhwala a TB, mabanja ena amamupatula mbale, kapu ndi chipinda, n'kuletsa zidzukulu kumuyandikira. Ngati achipatala atsimikiza kuti TB palibe, kupatulako n'kopanda ntchito ndipo kumapweteka mtima kuposa mmene opatulawo amaganizira. Wolandira radiotherapy wa makina akunja satenga cheza m'thupi, akhoza kunyamula khanda tsiku lomwelo. Chosamala chili pa masiku awiri kapena atatu pambuyo pa dripi, pomwe mankhwala amatuluka m'mkodzo, m'chimbudzi ndi m'masanzi: wochapa kapena wopukuta avale magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Kukhala malo amodzi m'banja sikoletsedwa ngati thupi likulola, koma kondomu ndi yofunika, ndipo kutenga kapena kupereka pathupi kuyenera kupewedwa pa nthawi ya mankhwala ndi miyezi ingapo pambuyo pake.

Kutopa kwa khansa sikutha ndi tulo. Kugona tsiku lonse kumakukulitsa, chifukwa minofu imafota. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, ngakhale kungozungulira nyumba, kumathandiza kuposa mankhwala alionse odziwika. Mphamvu zikhale ngati ndalama za pamwezi: kusamba chokhala pampando, kuika zofunika pafupi, kusiyira ena kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni, n'kusungira mphamvu zotsalazo chinthu chimene munthuyo amachikonda, kaya ndi kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kaya kukhala pa bawo ndi anzake.

Kwa olembedwa ntchito, lamulo la Employment Act la 2000 limati amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata osachepera anayi pa malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya dokotala. Ambiri m'dziko muno ndi alimi ndi ochita geni, omwe lamuloli siliwafika. Kwa iwo, ngakhale chithandizo cha m'zipatala za boma chili chaulere, thiransipoti ya anthu awiri masabata atatu alionse, chakudya cha wodikirira ndi mankhwala ogula pamene kuchipatala atha ndi zomwe zimadula chithandizo pakati. Radiotherapy yofuna kuchiza imaperekedwa Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata anayi kufika asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kutanthauza kuti wochokera kutali afunika pogona mumzinda. Banja lomwe lakhala pansi pachiyambi, kuwerengera maulendo onse ndi kugawana, limapirira kuposa lomwe limayamba kuimbirana foni usiku woti mawa ndi dripi. Tsiku likaphonyeka, wodwala apitebe msanga ndi kukafotokoza, osati kungokhala chifukwa cha manyazi.

Wodikirira matenda, yemwe kawirikawiri amakhala mayi mmodzi, amagona pansi kuchipatala, amaphika, amachapa, ndipo palibe amene amamufunsa kuti wadzuka bwanji. Akadwala iyeyo zonse zimaima. Kusinthana n'kofunika, ndipo achibale akutali omwe amatumiza ndalama pafoni akhoza kuganiziranso zolipira munthu wothandiza ntchito za pakhomo.

Nkhani yobisira wodwala dzina la nthenda yake, poopa kuti ataya mtima, ndi yofala. Koma munthu amene akuthothoka tsitsi ndipo amakhala pamzere wa odwala khansa amadziwa kale, ndipo chinsinsicho chimangomusiya yekha ndi mantha ake, osatha kufunsa kapena kukonza za ana ake. Pomwe palibe kufotokoza, maganizo a ufiti amalowa n'kugawanitsa abale. Kulemba wilo sikuitana imfa. Pansi pa lamulo la Deceased Estates Act la 2011, wilo imalembedwa papepala ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo imateteza mkazi kapena mwamuna ndi ana ku olanda chuma. Chisoni chosatha, kusowa tulo kwa masabata ndi maganizo ofuna kudzipha ndi matenda omwe ali ndi chithandizo, ndipo ayenera kunenedwa kwa dokotala monga mmene chifuwa chimanenedwera.

Zina zosadikira tsiku la dripi

Kupatula kutentha thupi, pali zizindikiro zina zofuna chipatala tsiku lomwelo. Timizere ta magazi m'makhololo n'tofala ndipo tikhoza kukanenedwa pa ulendo wotsatira, koma magazi okhaokha odzadza supuni zingapo ndi ngozi, ndipo ponyamulidwa wodwala agonere mbali yomwe kuli chotupa kuti magazi asalowe m'phapo labwinolo. Kutupa kwa nkhope, khosi ndi manja, makamaka podzuka m'mawa, kumasonyeza kuti chotupa chikufinya mtsempha waukulu wa m'chifuwa. Msana wopweteka mwatsopano limodzi ndi kufooka kwa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chizindikiro chakuti msana ukupanikizika, ndipo apa maola ochepa amasiyanitsa kuyenda ndi kupuwala. Mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka, kapena phuma lodza mwadzidzidzi ndi kubaya m'chifuwa, zikhoza kukhala magazi oundana m'mitsempha. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kukomoka, kusokonezeka maganizo, kapena ludzu losatha limodzi ndi kusinza ndi kudzimbidwa, zonsezi zili ndi chithandizo zikafika msanga. Wokayika akhoza kuimba nambala yaulere ya 929 ya Chipatala Cha Pa Foni, ngakhale kuimbako sikulowa m'malo mwa ulendo pamene chizindikiro chili chimodzi mwa izi.

Dripi yomaliza ikatha, thupi silibwerera m'chimake nthawi yomweyo. Kutopa kumatha kupitirira miyezi ingapo, ndipo dzanzi limachoka mochedwa kuposa zonse. Amene adalandira radiotherapy ya pachifuwa amatha kuyamba chifuwa chouma, phuma ndi kutentha thupi pang'ono pakapita mwezi umodzi kufika isanu ndi umodzi chithandizo chitatha. Kumeneku kumatha kukhala kutupa kwa phapo kochokera ku chezacho, komwe kumachizidwa ndi mankhwala a gulu la prednisolone, koma kumafanana kwambiri ndi chibayo ndi TB. Wachipatala wa kumudzi amene sadauzidwe za radiotherapy uja akhoza kulemba mankhwala a nthenda ina, n'chifukwa chake kalata yotulutsira wodwala ndi masiku obwerera kukajambulidwa ziyenera kumatidwa m'buku la kuchipatala ndi kuonetsedwa paliponse pomwe munthuyo wapita.